Tsamba Louma Lopanda Mbiri Yake Siliphunzitsa Mwana

M'dzinja lapitali, pamene tinali kuyendera ophunzira athu amene anali kuyesera ntchito ya uphunzitsi m'sukulu za m'dera la Mfumu Kaphuka m'boma la Dedza, tinaloŵa m'kalasi ina ya Sitandade 6 ndi kupeza chinthu chimene poyamba chinatikondweretsa. Pakhoma panali chikatoni chachikulu, ndipo pa icho anamatapo masamba ouma a zomera zija zosachita maluŵa, za masamba onga nthenga, zimene nsonga yake pophuka imapindika ngati mchira wa bilimankhwe. M'mabuku a sayansi zomera zimenezi zimatchedwa fern. Masambawo anali a maonekedwe osiyanasiyana, oumitsidwa bwino ndi omatidwa mwaudongo. Pansi pa onsewo panali liwu limodzi lokha la zilembo zikuluzikulu: FERNS.

Tinaloza katsamba kena kakang'ono kotambasuka ngati chikhatho ndi kufunsa amene anabwera nako. Mtsikana wina anaimirira mwaulemu nati, "Ndine, aphunzitsi." Titamfunsa kumene anakatenga, anayankha mosajejema: "Pa thanthwe la kuseri kwa dimba la amalume, m'mng'alu mmene muli tidothi pang'ono. Chilimwe kamafota ngati kafa, koma mvula ikagwa kamatambasukanso." Titamfunsa dzina lake, anati, "Agogo amalidziŵa, koma sitinauzidwe kuti tikafunse."

Tinatuluka m'kalasimo tiri ndi chisoni. Mwanayo anadziŵa malo, anadziŵa nthaka, anadziŵa khalidwe la chomeracho m'chilimwe ndi m'dzinja, ndipo anadziŵanso munthu wosunga dzina lake. Zonsezi zinatsala m'mutu mwake, ndipo pakhoma panafika tsamba lokha. Mlandu umenewu sitiuika pa wophunzira wathu uja, pakuti iye anachita monga momwe ife tinamphunzitsira. Tiri kunena kuti pa ntchito yotola zomera, chimene chiri ndi mtengo ndi mbiri yolembedwa, ndipo mphunzitsi amene atuma ana kukathyola masamba popanda kope ndi pensulo wawononga zomera pachabe.

Herbarium ndi ntchito yake

Herbarium ndi nyumba yosungiramo zomera zoumitsidwa, chirichonse chomatidwa pa pepala lakelake lolimba, pamodzi ndi kapepala konena kumene chinatengedwa, tsiku lake ndi munthu amene anachitola. Luso limeneli linayambira ku Italy m'zaka za m'ma 1540 ndi mphunzitsi wina dzina lake Luca Ghini, ndipo zomera zina zimene ophunzira ake anaumitsa zikalipo. Kuno kwathu nyumba yotere iri ku Zomba, pansi pa bungwe la National Herbarium and Botanic Gardens of Malawi limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo m'chaka cha 1987. Bungweli liri ndi minda ya zomera ku Zomba, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu.

Zomera za dziko lino zinayamba kutoledwa motere kalekale. John Kirk, amene anayenda ndi David Livingstone pa ulendo wa ku Zambezi ndi Shire kuyambira 1858, anatumiza zomera zambiri ku Kew ku England. Alexander Whyte anakwera Phiri la Mulanje mu 1891 ndi kutola nthambi za mkungudza, ndipo n'chifukwa chake mtengo wa fuko lathu umatchedwa Widdringtonia whytei m'mabuku a sayansi. Pamene E. A. Schelpe anali kulemba buku la fern za m'chigawo chino cha Afirika, limene linatuluka mu 1970 monga gawo la Flora Zambesiaca, sakanatha kuyenda yekha m'mapiri onse a Malaŵi, Zambia, Zimbabwe, Mozambique ndi Botswana. Anadalira mapepala a zomera zimene ena anatola, ndipo anatha kunena kumene mtundu uliwonse umamera chifukwa otolawo analemba malo.

Wina angayese kuti imeneyi ndi ntchito ya anthu osoŵa chochita. Nkhani ya ku Kariba iyankhe. Damu la Kariba litatha kumangidwa mu 1959, fern ina yoyandama pamadzi inafalikira ndi kukuta mbali yaikulu ya nyanjayo, nivutitsa asodzi ndi mabwato. Kwa zaka zingapo akatswiri anali kuitcha dzina la mtundu wina wofanana nayo, ndipo tizilombo timene anatenga pa mtundu winawo kuti tiidye sitinathandize kwenikweni. Mu 1972 D. S. Mitchell, atayerekeza zomerazo mosamala, anasonyeza kuti unali mtundu wapaokha nautcha Salvinia molesta. Mu 1978 kwawo kwenikweni kwa chomeracho kunapezeka ku Brazil, ndipo kumeneko n'kumene kunapezekanso kanankafumbwe kamene kamachidya, kamene pambuyo pake kanayeretsa nyanja ndi mitsinje m'maiko ambiri. Mankhwala anapezeka dzina litadziŵika, ndipo dzina linadziŵika chifukwa panali zitsanzo zosungidwa zoyerekeza nazo.

Chifukwa chake tasankha fern

Dera la Kaphuka liri m'dziko lokwera ndi lozizira. Phiri la Dedza limafika mamita 2,198, ndipo kufupi kuli mapiri a Chongoni, amene mapanga ake a zojambula za makolo analembedwa m'kaundula wa UNESCO mu 2006. Pali matanthwe, timitsinje totsikira ku Linthipe, madambo ndi nkhungu ya m'maŵa. Malo otere ndiwo kwawo kwa fern. Mwana wa kuno sasoŵa basi kuti akaone zimene mnzake wa m'tauni amangoziona pa chithunzi. M'ming'alu ya matanthwe muli Actiniopteris, kachomera konga chikhatho kamene mtsikana uja anatola, ndi Pellaea ya timapesi takuda tonyezimira. M'magombe a mthunzi muli Adiantum ya timasamba tofeŵa. Pa nthambi za mitengo ikuluikulu pamakhala Pleopeltis, ndipo m'mphepete mwa timitsinje ta m'mapiri a dziko lino mumaima fern ya thunthu ngati mtengo, Cyathea dregei.

Zomera zimenezi zimaphunzitsa mwana kuyang'anitsitsa, pakuti zilibe duŵa lokopa maso. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Kunsi kwa tsamba lokhwima kumakhala timadontho kapena timizere tofiirira, timene ana ambiri, ngakhalenso aphunzitsi ena, amayesa matenda kapena mazira a tizilombo. M'menemo ndimo muli fumbi loberekera la chomeracho, limene a sayansi amalitcha spore. Fumbi limeneli likagwera pa malo a chinyezi silimera fern nthaŵi yomweyo ai. Limayamba lamera kanthu kobiriŵira, kopyapyala, kosaposa chikhadabo cha chala chaching'ono, ndipo pa kanthu kameneka mbewu yachimuna imasambira m'kadontho ka madzi kukakumana ndi yachikazi. Pamenepo m'pamene fern yatsopano imaphuka. Mjeremani wina, Wilhelm Hofmeister, ndiye anafotokoza bwino kusinthana kwa mibadwo iŵiri kumeneku mu 1851.

Mphunzitsi angasonyeze zonsezi popanda kugula kanthu. Tsamba lokhwima ligonekedwe pa pepala loyera, mbali ya timadontho iri pansi, ndi kuvundikiridwa usiku umodzi. M'maŵa ana adzapeza chithunzi cha tsambalo cholembedwa ndi fumbi. Fumbilo liwazidwe pa chidutswa cha njerwa chimene chathiridwa madzi oŵira ndi kuzizira, chiikidwe m'mbale ya madzi pang'ono, chivundikiridwe ndi botolo la pulasitiki lodula, pa mthunzi. Pakapita masabata angapo njerwayo idzabiriŵira. Kalasi imene yadikira masabata ameneŵa sidzaiŵala chifukwa chake fern zambiri zimakonda malo a chinyezi.

Pamenepa m'pamene pagona nkhaŵa yathu. Popeza fern zambiri zimadalira madzi ndi mthunzi, izo ziri m'gulu la zoyamba kusoŵa pamene mitengo ya m'mphepete mwa mtsinje yadulidwa, pamene dimba la kacheŵere kapena kabichi lafika mpaka m'madzi, ndi pamene moto wolusa wadutsa chaka ndi chaka. Pali imodzi imene imapindula ndi moto, Pteridium aquilinum, fern yaitali ija yodzaza m'malo otsetsereka. Tsinde lake limayenda pansi pa nthaka kumene moto sufika, chotero tchire likapsa iyo imaphuka msanga ndi kulanda malo, ndipo ng'ombe zikaidya yambiri kwa nthaŵi yaitali zimadwala, zina n'kufa. Gombe limene fern zanthete zatha ndi kutsala imeneyi yokha liri kutiuza kanthu za nthaka ndi madzi athu. Koma tingadziŵe bwanji kuti zinatha ngati palibe amene analemba kuti zinalipo? Akatswiri a zomera ndi oŵerengeka, ndipo sangafike pa kamtsinje kalikonse ka kwa Kaphuka. Ana a sukulu amaoloka timitsinje timeneti kaŵiri pa tsiku.

Zoyenera kulembedwa

Gulu lirilonse la ana likhale ndi kope limodzi la kuthengo ndi pensulo, pakuti inki imafufutika ikanyoŵa. Chomera chirichonse chipatsidwe nambala yakeyake, ndipo nambala imeneyo ilembedwe m'kope ndi pa nyuzipepala imene chomeracho chaikidwamo. Nambala imodzi isaperekedwe kwa zomera ziŵiri zosiyana. Pansi pa nambala palembedwe boma, mfumu yaikulu, mudzi, ndi malo enieni mwa njira yoti mlendo angathe kufikapo. Mawu akuti "kumtsinje" sakwanira. Koma akuti "gombe la kum'maŵa la mtsinje wakutiwakuti, mapazi 50 kumtunda kwa mlatho" adzatsogolera munthu ngakhale patapita zaka 30. Ngati mphunzitsi ali ndi foni yosonyeza manambala a malo ndi kukwera kwake, awonjezere zimenezo.

Palembedwenso tsiku, mwezi ndi chaka. Ngati chomeracho chinali pa thanthwe, pa nthaka, pa mtengo kapena m'madzi. Ngati chinali pa dzuŵa kapena pa mthunzi. Ngati zinalipo zambiri kapena zoŵerengeka. Ndi kutalika kwake m'masentimita. Zimene zidzasinthe chomera chikauma, monga mtundu wa tsamba ndi fungo, zilembedwe pomwepo. Potsiriza palembedwe maina a otola. Mwana amene aona dzina lake pa pepala limene lidzasungidwa amasamala kalembedwe kake koposa momwe amachitira pa ntchito imene idzangochongedwa ndi kutayidwa.

Mzere umodzi tiufuna koposa yonse: dzina la chomeracho m'chinenero cha pamudzipo, ntchito yake ngati iripo, ndi amene watiuza, kaya ndi agogo, kaya ndi mlenje, kaya ndi mbusa wa ng'ombe. Jessie Williamson, amene buku lake la zomera zothandiza za dziko lino linatuluka mu 1955 ndi kukonzedwanso mu 1975, ndiponso Blodwen Binns, amene anasonkhanitsa maina a zomera za m'Malaŵi m'buku la 1972, anachita kufunsa anthu a m'midzi. Ntchito imeneyo siinathe. Katswiri wa ku Zomba kapena wa ku Kew angatiuze dzina la Chilatini tsiku lirilonse, koma dzina la Chicheŵa kapena Chiyao limene nkhalamba imodzi yasunga lidzaloŵa nayo m'manda ngati mdzukulu wake salilemba. Midzi iŵiri ikatchula maina osiyana, onse aŵiri alembedwe, lirilonse ndi mudzi wake. Nkhalamba ikati chomeracho chiribe dzina, zimenezonso zilembedwe.

Zonsezi zilembedwe pa malo pomwepo, chomera chiri m'manja. Mwana amene aiŵala tsiku kapena malo adzafuna kungolembapo kanthu kuti mpata usaoneke. Mphunzitsi amuuze momveka kuti mpata wosalembedwa suchititsa manyazi, koma bodza lolembedwa lidzasokeretsa anthu amene sanabadwe. Tiganiza kuti phunziro limeneli la kukhulupirika pa zolemba liposa maina onse a Chilatini amene mwana angaloŵeze.

Kutola pang'ono, ndi chilolezo

Ana 100 akatumidwa pa gombe limodzi kuti aliyense abwere ndi fern yake, gombelo lidzatsala lambee tsiku limodzi. Chotero kutola kukhale kwa magulu, ndipo gulu litole chitsanzo chimodzi kapena ziŵiri za mtundu umodzi. Pamene pali zomera zoŵerengeka za mtunduwo, ana ajambule ndi kulemba, koma asazule. Fern ya thunthu isadulidwe konse; mbali za tsamba limodzi zikwanira, ndiyo tsinde la phesi, pakati ndi nsonga, kutalika kwa tsamba lonse kutalembedwa m'kope.

Safunsa anadya phula. M'nkhalango zotetezedwa monga ya Chongoni ndi ya Phiri la Dedza, lamulo la za nkhalango la 1997 silola munthu kutengamo zomera popanda chilolezo, chotero mphunzitsi wamkulu ayambe walankhula ndi alangizi a za nkhalango. Pa malo a mudzi apemphe kwa anyakwaŵa ndi kwa mwini munda. M'midzi yambiri ya kuno mitengo yachilengedwe inatsala kumanda kokha, ndipo mphunzitsi wachangu angakopeke ndi mthunzi umenewo. Asayerekeze. Kumanda ndi kudambwe kuli eni ake, ndipo sukulu imene ilakwira mudzi pa zimenezi idzataya anthu omwe aja amene akanaiuza maina a zomera.

Chitsanzo chabwino chikhale ndi tsamba la timadontho tija, pakuti kakhalidwe ka timadonthoto ndiko kamasiyanitsa mitundu, ndiponso kachidutswa ka tsinde la pansi ndi ubweya kapena timamba take. Dothi likutumulidwe. Chomera chigonekedwe pakati pa nyuzipepala, tsamba limodzi litatembenuzidwa kuti kunsi kwake kuoneke, ndipo lalitali lipindidwe kuti likwane pa pepala la masentimita ngati 42 m'litali ndi 27 m'lifupi. Pakati pa nyuzipepalazo paikidwe makatoni, zonse zipanidwe ndi matabwa aŵiri omangidwa ndi malegeni kapena opsinjidwa ndi njerwa. Popeza fern zimapezeka bwino m'dzinja, pamene chinyezi chiri chambiri, nyuzipepala zisinthidwe tsiku ndi tsiku poyamba, apo ai zomera zidzachita chuku ndi kuda. Zikauma zimatidwe ndi timizere ta pepala kapena zisokereredwe ndi ulusi, kapepala ka mbiri kaikidwe pansi ku dzanja lamanja, ndipo zisungidwe m'kabati youma, kutali ndi chiswe ndi njenjete. Pakhoma zimatha ndi dzuŵa ndi fumbi.

Zimene otsutsa amanena

Aphunzitsi anzathu atiuza kuti nthaŵi palibe, pakuti mayeso a Sitandade 8 safunsa za fern. Dandaulo limeneli siliri lopanda pake. Koma taonani zimene mwana achita podzaza kapepala kamodzi: wayeza ndi rula, wasonyeza kum'maŵa ndi kumadzulo, walemba tsiku molondola, wafotokoza malo m'ziganizo zomveka m'Chicheŵa ndi m'Chingerezi, ndipo wafunsa wamkulu mwaulemu ndi kulemba yankho. Zonsezi ziri kale m'silabasi ya masamu, ya zinenero ndi ya sayansi, kungoti zinamwazikana. Maulendo aŵiri pa chaka, wina mu Febuluwale ndi wina mu Okutobala, pa gombe limodzimodzi, akwanira.

Ena akuti makalasi anakula kwambiri chiyambire maphunziro aulere a pulaimale mu 1994. N'zoona, ndipo n'chifukwa chake tanena za magulu. M'gulu la ana 10 wina akumba, wina ayeza, wina alemba, wina ajambula, wina akafunsa dzina kwa agogo. Ntchito imeneyi siisoŵa desiki kapena buku la mwana aliyense.

Enanso akuti masiku ano foni ijambula chithunzi, nanga kuumitsa masamba n'kwa chiyani? Chithunzi chiri ndi malo ake, ndipo pa chomera chosoŵa ndicho chokha chimene tivomereza. Koma chithunzi sungachitembenuze kuti uone kunsi kwa tsamba, sungachiike pansi pa galasi lokuza kuti uone timamba, ndipo chimatayika pamodzi ndi foni. Ndiponso chithunzi chopanda malo ndi tsiku chiri ndi chilema chomwe chija cha chikatoni cha pakhoma.

Mantha aakulu, amene aphunzitsi satchula msanga, ndi akuti iwo eni sadziŵa maina a sayansi ndipo adzachita manyazi pamaso pa ana. Tiwalimbitse mtima. Ngakhale m'nyumba zazikulu zosungiramo zomera muli mapepala amene adikira dzina zaka zambiri, kufikira katswiri wa mtunduwo atafika ndi kumatapo kapepala kake. Mzere wa dzina la Chilatini usiyidwe wosalemba. Kunena kwa ana kuti, "Ichi tikafunsa odziŵa," ndiko kuwasonyeza momwe sayansi imayendera.

Tivomere chinthu chimodzi, kuti tisanamize ana. Si chitsanzo chirichonse cha sukulu chimene chidzafunike ku Zomba, ndipo zambiri zidzakhala za mitundu yodziŵika kale. Mphunzitsi ayambe walemba kalata kufunsa ngati angatumize ndi momwe angatumizire, ndipo chinzake cha chitsanzo chirichonse chitsale pa sukulu. Phindu loyamba liri pa sukulu pomwepo. Kabati imene iri ndi mapepala a gombe limodzi a zaka 10 zotsatizana idzauza mudzi ngati mthunzi ndi madzi ziri kuchepa, ndipo idzatero ndi umboni wolembedwa ndi ana a m'mudzimo. Chotero mapepala ndi makope alembedwe m'kaundula wa katundu wa sukulu, kuti mphunzitsi akasamutsidwa zisapite naye kapena kusanduka zoyatsira moto.

Pempho lathu kwa makoleji

Mphunzitsi sangaphunzitse chimene manja ake sanachitepo. Tipempha anzathu a m'makoleji a uphunzitsi, makamaka ife amene tiri m'mapiri ano a Dedza kufupi ndi koleji ya za nkhalango ya ku Chongoni, kuti wophunzira aliyense asanamalize maphunziro ake akonze mapepala 5 a zomera ndi kope lake la kuthengo, ndipo pochonga, malikisi ochuluka apite ku kapepala ka mbiri, osati ku kukongola kwa tsamba. Ife tomwe takhala tikuyamikira zikatoni zodzaza ndi masamba popanda kufunsa kumene anachokera, ndipo ophunzira athu anaphunzira kwa ife kuti chofunika ndi kudzaza khoma.

Tisanachoke pa sukulu ija tinakhala pansi ndi wophunzira wathu ndi kumfotokozera zimene talemba panozi. Iye anavomera kubwereza phunzirolo ndi magulu, kuyambira pa thanthwe la kuseri kwa dimba lija, ndipo ntchito yoyamba ya mtsikana uja inali kupita kwa agogo ake ndi kope ndi pensulo. Aphunzitsi amene adzayese njira imeneyi m'dzinja likudzali atilembere zimene adzapeze ndi zimene zidzawavute, kuti tidzazisindikize m'magazini ino.